Mzime Wathu ndi Ziphona za m'Kanema

Makolo anzathu ndi inu achinyamata, nkhani iyi takhala tikuisunga kwa miyezi yambiri, poopa kuti ena angati mkulu wa mpingo wabwerera ku chibwana. Koma tikakhala pa maliro, kapena amai akabwerako ku Chigwirizano, dandaulo limene timamva ndi limodzimodzi: ana adzitsekera m'zipinda, ndipo usiku wonse ali kumenyana ndi zilombo za m'kanema. Tsono taganiza zofotokoza zimene zidaoneka pakhomo pathu monga momwe zidachitikira, zotikomera ndi zotichititsa manyazi zomwe.

Mzime wathu adalemba mayeso a Fomu 4 m'chaka cha 2022. Kukhoza adakhoza, koma mapointi ake sadamfikitse ku yunivesite. Anzake aŵiri amene ankaimba nawo kwaya adapita, iye natsala. Tivomere poyera kuti sitidamlandire bwino. Kumkalipira sitidamkalipire ai. Tidangokhala duu, ndipo tazindikira mochedwa kuti kukhala chete kwa kholo kumapweteka koposa mkwapulo. Pa chakudya tinkatama ana a anzathu, lake dzina osalitchula. Iye adayamba kudya mofulumira, kusamba m'manja, ndi kuloŵa kuchipinda. Chaka chidatha mau a pakati pa ife ndi iye ali moni wa m'maŵa ndi kumtuma makala.

Pa Khirisimasi ya 2023 mkulu wake, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, adamtengera makina a maseŵera otchedwa PlayStation 4, ogula kwa mnzake, pamodzi ndi seŵero lotchedwa Elden Ring. Ife tidangoti n'choseŵeretsa cha ana. Pasanathe mwezi mayunitsi a magetsi adayamba kutha msanga, ndipo pakati pa usiku tinkamva mnyamata amene masana sankatsekula pakamwa akufuula ngati walumidwa ndi chinkhanira. Lamulungu lina adaodzera m'chalichi ulaliki uli mkati, mpaka mutu kugunda benchi ya patsogolo, ife tili pa mpando wa akulu, maso a mpingo wonse ali pa ife.

Tsiku lina amai ake adaloŵa kuchipindako kukatenga zochapa, napeza pa kanema paima chimunthu chachitali chonyamula ndodo, m'mutu mwake mutaphuka nyanga zopiringizana ngati mizu. Adatuluka thukuta lili kamukamu. Mudziŵa inu nomwe zimene liwu loti nyanga limakumbutsa munthu kwathu kuno. Madzulo ake adati, "Bambo, chinthu chija chichoke. Kaya mugulitsa kaya mutentha, koma chisagonenso m'nyumba muno." Mnansi wina wachifundo atamva adati adziŵa kumene kumachitika mapemphero otulutsa zoterezi. Nafenso mumtima tinali titagamula kale.

Chimene chidatigwira dzanja ndi ichi: pa bwalo la mpingo takhalapo zaka zambiri, ndipo sitidamuimitsepo munthu pa Mgonero tisanamuitane ndi kumva mau ake. Nikodemo yemwe, pa Yohane 7:51, adakumbutsa anzake za lamulo lomweli. Nanga mwana wathu yekha ndiye timuweruze osamumva? Loŵeruka madzulo tidagogoda pa chitseko chake titanyamula mipando iŵiri. Iye adaimirira nkhope itagwa, poyesa kuti tadzalanda. Tidati, "Khala pansi. Tionetse chimene chimakulanda tulo." Adatiyang'ana nthaŵi yaitali, kenaka adati, "Bambo, mukhala mpaka nthaŵi yanji?" Tidati mpaka timvetse. Sitidadziŵe kuti mau ameneŵa adzatidyera masiku a Loŵeruka ambiri.

Seŵeroli lidapangidwa ku Tokyo, m'dziko la Japan, ndi kampani ya FromSoftware, ndipo lidatuluka pa 25 February 2022. Wotsogolera ntchitoyo anali Hidetaka Miyazaki, amene adatchuka kale ndi Demon's Souls mu 2009 ndi Dark Souls mu 2011, ndipo mbiri yamakedzana ya dziko la m'seŵeromo adathandizidwa kuilemba ndi George R. R. Martin, mlembi wa ku America. Pofika chaka cha 2025 makope ogulidwa anali atapitirira 30 miliyoni, chiŵerengero choposa cha anthu onse a m'Malaŵi muno. Oyesa maseŵera ku Ulaya adati si la ana osafika zaka 16, ndipo a ku America adati zaka 17. Ichi makolo tichisunge.

Woseŵera amakhala ngati munthu wopirikitsidwa kwao amene wabwerera ku dziko lotchedwa Lands Between, kumene pakati pake paima chimtengo chagolide chooneka kulikonse, dzina lake Erdtree. Mfumukazi ya dzikolo, Marika, idaphwanya mphete imene inkagwira malamulo a chilengedwe, ndipo ana ake adatola zidutswa namenyana mpaka dziko kusanduka bwinja, wopambana osapezeka. Ana amenewo ndi ena mwa ziphona zimene woseŵera ayenera kugonjetsa chimodzichimodzi. Achinyamata amazitcha mabosi. Pamwamba pa kanema pamakhala mzere wofiira wosonyeza moyo, ndi wina wobiriŵira wosonyeza nyonga, imene imatsika pomenya, pothamanga ndi pogubuduka. Ukafa umadzukira pamene udapumula komaliza, koma chuma chonse chimene udasonkhanitsa chimatsala pomwe udagwerapo. Ukafanso usanakachitole, chapita.

Chimunthu cha nyanga chija dzina lake ndi Margit, mlonda wa pa njira yopapatiza yoloŵera ku linga la Stormveil, ndipo chinali chitamtsekera mwana wathu njira kwa milungu iŵiri. Usiku woyambawo adafa kasanu ndi kaŵiri ife tikupenya. Poyamba tidangoona chipwirikiti, monga munthu wosadziŵa bawo amangoona manja akuyendayenda. Koma pofika kachisanu tidazindikira kanthu. Margit akakweza ndodo sakantha nthaŵi yomweyo. Amaiimika m'mwamba n'kudikira, tsono woseŵera wamantha amagubuduka msanga, n'kudzuka ndodo ili kutsika kumene. Tidati, "Iwe, ameneyu sakukupha ndi mphamvu, likukupha ndi phuma lako." Mnyamata adati, "Ndikudziŵa, bambo, koma chala chimadina chokha." Pamenepo tidayamba kumuŵerengera mokweza, ndipo amai ake, amene adaloŵa m'chipindamo tsinya lili pamphumi, tidaŵamva nawonso akunong'ona kuti, "Dikira, dikira... tsopano!"

M'milungu yotsatira tidaona kuti nzeru za nkhondo zimenezi si zambiri, koma kuzisunga mtima uli thithithi ndiko kovuta. Kaŵirikaŵiri poleŵa chida umagubudukira kwa mdaniyo, pakuti wothaŵira kumbuyo chida chachitali chimampeza akudzuka. Mankhwala a m'kabotolo sumwa pamene mantha akugwira, koma pamene mdani wamaliza kukantha ndipo ali kupuma. Choposa zonse, ukapeza mpata umenye kamodzi kapena kaŵiri n'kuchokapo. Imfa zambiri zimene tidaonerera zidadza pa kumenya kwachitatu, mdani atatsala pang'ono kugwa, mnyamata n'kuiŵala zonse. Chakomachakoma pusi adagwa chagada. Palinso nzeru ina imene anyamata sakonda kuimva, ndiyo kubwerera. Pafupi ndi khomo pamene woseŵera amayambira pamayendayenda msilikali wa pa kavalo, wovala zagolide, wamphamvu kotero kuti wongoyamba kumene akamputa amangofa, kufikira ataphunzira kulambalala. Mwana wathu naye adamsiya Margit napita kumwera, ku chigawo cha Weeping Peninsula kumene adani ndi ofookerapo. Adatalikitsa mzere wake wa moyo, nalimbitsa lupanga posula, nagula kwa wamalonda wina wachinyengo, dzina lake Patches, chomangira chakale chimene chimamgwetsa Margit pansi kaŵiri kuchiyambi kwa nkhondo. Atabwerera adamgonjetsa pa ulendo wachitatu. Adalumpha nagwira dzanja la amai ake, ndipo tonse atatu tidachita ngati tadzidzimuka, pakuti panali patapita nthaŵi chigwiranirane manja.

Si zonse zidatikomera. M'seŵeroli muli phulusa limene limadzutsa mizimu yothandiza woseŵera akaliza kabelu, monga mimbulu itatu, kapena chithunzi cha iye mwini. Amai ake atamva liwu loti mizimu adatsekula Deuteronomo 18 pomwepo. Mnyamata adayankha mwaulemu kuti iye saitana kanthu, amangodina batani, ndipo chotulukacho n'chojambula cha anthu a ku Tokyo. Tidalingalira masiku angapo, ndipo tiyesa kuti adanena zoona, pakuti fisi wa m'nthano sagwira mbuzi ya m'khola. Sitikhulupirira kuti m'makinamo mukhala chiŵanda, ndipo ku mapemphero aja sitidapite naye. Komabe chithunzi chimene munthu wachiyang'ana maola ambiri chimatsala m'mutu, ndipo muli zina zonyansa ndithu, monga mfumu ya m'linga la Stormveil imene idadzilumikiza ndi manja a anthu ena ambirimbiri. Mdzukulu wathu wa zaka 9 tidamletsa kuloŵa m'chipindamo kanema akayaka, ndipo lamulo limeneli silidafooke mpaka lero.

Chimene chidatidabwitsa koposa nkhondo ndi kafotokozedwe ka nkhani. Palibe amene amakukhazika pansi n'kukusimbira kuyambira pachiyambi. Mbiri ya dzikolo idamwazidwa m'timau tolembedwa pa zinthu zimene umatola, pa chisoti mizere iŵiri, pa mkondo mizere itatu, ndipo zina umangoziona pa zosemasema za m'makoma. Miyazaki adafotokozapo kuti ali mwana, m'banja losauka, ankabwereka ku laibulale mabuku opitirira msinkhu wake, ndipo pamene sankamva ankayang'ana zithunzi n'kudzazapo ndi maganizo ake; ndimo m'mene amafunira kuti oseŵera aŵerengere nkhani zake. Ife amene tidaphunzira Chingerezi movutikira tidamumvetsa msanga. Choncho pa dziko lonse pali anthu amene amatolera zidutswazi n'kumatsutsana za tanthauzo lake. Mwana wathu anali ndi kope lakale la masamu, limene chakumapeto kwake adalembamo mibadwo ya banja la Marika, mivi ndi mafunso, mwaudongo umene sitidauonepo m'makope ake a sukulu. Titaliona mtima udaŵaŵa, komanso udakondwa, pozindikira kuti mutu umene tinkauyesa wogona unali maso.

Mwachitsanzo, tsoka lonse la m'dzikomo lidayamba usiku umene Godwyn, mwana wa Marika kwa mwamuna wake woyamba, adaphedwa ndi mipeni yakuda. Seŵero limavomera kuti chiwembucho adachikonza ndi Ranni, mwana wa Radagon, mwamuna wachiŵiri wa Marika. Koma limanenanso kuti akazi ogwira mipeniyo anali a fuko la Numen, limene ndi fuko la Marika mwini wake. Tsono ena amati maiyo adadziŵa za imfa ya mwana wake, ena amati chisoni cha imfayo ndicho chidamsokoneza mpaka kuphwanya mphete. Mnyamata anali wa gulu loyamba. Amai ake adakana kwamtuwagalu, nati mai wotero kulibe, ndipo mlanduwo udafika mpaka pa nsima ya Lamulungu masana. Kanali koyamba m'chaka chonse kuti nsima izizire m'mbale mwake chifukwa cha kuyankhula. Pamene adaonjeza kuti seŵero limaulula kuti Radagon ndi Marika ndi munthu mmodzi, ife tidangokweza manja.

Za Radahn tingonena pang'ono. Ndi chiphona chimene chidaphunzira matsenga opeputsa thupi kuti chisasiye kakavalo kake koonda, ndipo chidapenga ndi nthenda pa nkhondo ya ku Caelid, kotero kuti ankhondo ake adakonza chikondwerero choitana aliyense wofuna kudzachipatsa imfa yaulemu. Kumeneko nzeru ndi kusamenya wekha: umaitana ankhondo anzako, akagwa n'kuŵaitananso, iwe ukuzungulira pa kavalo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo iyi ndi nkhondo yokhayo imene amai ake adaitcha yanzeru.

Patapita miyezi iŵiri mnyamata adafika ku Leyndell, mzinda waukulu wa patsinde pa mtengo uja, ndipo mfumu yolonda mpando kumeneko tidaizindikira tonse: anali Margit yemwe uja, m'dzina lake lenileni la Morgott. Atamgonjetsa sadalumphe. Adati, "Bambo, ameneyu ndi mwana weniweni wa Marika ndi mfumu Godfrey. Adabadwa ndi nyanga, iye ndi mnzake wamapasa Mohg, ndipo m'dziko limenelo mwana wotere amayesedwa temberero. Ana a anthu wamba amaŵadula nyanga, ambiri n'kufa. A ku banja lachifumu amaŵatsekera m'ngalande za pansi pa mzinda. Koma abale ake okongola aja atapanduka, amene adatsala kulonda mtengo ndi ameneyu, wotayidwayu." Tidafunsa kuti nanga adapindulanji. Adati, "Palibe. Mtengo sudamtsekulire khomo nayenso. Ena amati anali wopusa. Ine ndimati ankangodikira kuti tsiku lina amuyang'aneko." Adanena zimenezi maso ali pa kanema. M'chipindamo mudangoti zii. Amai ake adatuluka, akuti kukaona madzi pa moto, chikhalirecho pa moto panalibe kanthu.

Atazimitsa makina tidamfunsa chimene amakondera seŵero lomupha kambirimbiri chotere. Adati, "M'menemu ukagwa umadzukira pamene udapumira, ndipo palibe amene amakufunsa kuti wagwa kangati. Kunja kuno ndidapunthwa kamodzi kokha." Tidapepesa usiku womwewo. Si chinthu chimene munthu wa msinkhu wathu adazoloŵera kuchita kwa mwana wake, ndipo mau adatuluka mokhotakhota, koma adatuluka.

Pali liwu limodzi la m'seŵeroli limene tidakangana nalo kwambiri. Malo opumulira aja, pamene pamayaka kamoto kagolide, amatchedwa ndi liwu la Chingerezi limene ife timamasulira kuti chisomo. Koma chisomo cha m'menemo chidachotsedwa kwa ankhondo pamene ntchito yao idatha, n'kubwezedwa pamene adafunikanso kumenya nkhondo, ndipo obadwa ndi nyanga sachilaŵa konse. Mulungu wa m'dzikomo ali kutali, amayankhula kudzera m'zala ziŵiri zikuluzikulu, ndipo chigawo choonjezera chimene chidatuluka mu 2024 chidaulula kuti zalazo zinali zitasiya kalekale kumva kanthu kuchokera kwa iye. Chakumapeto Marika amaoneka atapachikika m'kati mwa mtengo, manja otambasula, mkondo uli m'nthiti; ichi chidatilasa, ndipo tidamuuza mnyamata osabisa. Iye adati seŵero silitama chipembedzo chimenecho, limachionetsa chovunda. Tidavomera, koma tidati pa mathero ake asanu ndi limodzi, ngakhale limodzi silionetsa wina wodzera kunja kudzapulumutsa wolephera. Zonse zimatsamira pa lupanga la woseŵera, ndipo mathero ena ndi kungotentha dziko lonse. Chisomo chimene tidaphunzira m'kalasi ndi cha Mulungu wofuna munthu asanachite kanthu, ndipo tidachita manyazi pochinena, pokumbukira kuti chathu pakhomo pano tinali titachimangirira ku mapointi.

Tidamtulutsira buku la John Bunyan la mu 1678, lija la ulendo wa Mkhristu, limene masamba ake adafiira m'sutikesi. M'menemonso muli nkhondo ya munthu mmodzi ndi chilombo Apollyon, yotha kupitirira theka la tsiku, ndipo Mkhristu sangathaŵe pakuti kumsana alibe chovala chankhondo. Mulinso chiphona chotsekera apaulendo m'linga. Adaliŵerenga mlungu umodzi, nabwera nati, "Apollyon ndi bosi wabwino, bambo, koma Mkhristu lupanga lidampulumuka, adapambana chifukwa adathandizidwa." Tidati ndi pomwepo pagona nkhani. Adaseka, nati Bunyan amafeŵetsa zinthu potcha munthu aliyense dzina loulula mtima wake, pamene Miyazaki amabisa. Pamenepo sadaname, ndipo chitsanzo chake chidadza posachedwa.

M'kope muja munali masamba atatu a Miquella, mwana wa Marika wotembereredwa kukhala mwana mpaka muyaya, amene adabzala mtengo wakewake, Haligtree, kuti ukhale pothaŵira onse otayidwa, kufikira Mohg adamuba. Kwa zaka ziŵiri oseŵera ambiri ankati uyu yekha ndiye wa mtima woyera m'banja lonselo, ndipo mwana wathu ankamuyesa mpulumutsi wa nkhaniyo. Pa 21 June 2024 chidatuluka chigawo choonjezera chija, Shadow of the Erdtree. Ife ndalama yake tinalibe, koma mnzake wina adamuonetsa pa foni. Zidaululika kuti Miquella amalodza mitima kuti imkonde, kuti Mohg yemwe ankayesedwa wakuba anali wolodzedwa, ndi kuti nkhondo imene idaononga Caelid inali mbali ya cholinga chake chofuna Radahn. Mnyamata adakhwatcha masamba onse atatu, natha tsiku lonse ali ndwii. Ife amene taonapo anthu okoma pakamwa akukokera nkhosa kwa iwo eni m'dzina la chifundo sitidadabwe kwambiri, koma tidamsiya adzilire yekha.

Pa nthaŵi imeneyi tinali titapangana kale. Makina amayaka Lachisanu ndi Loŵeruka mpaka 10 koloko usiku, Lamulungu sayaka, ndipo mayunitsi ena amagula iye mwini ndi ndalama ya maganyu. Panganoli lidasweka kaŵiri, ndipo kachiŵiriko chingwe cha makina chidagona kuchipinda kwathu mlungu wathunthu. Tisakunamizeni kuti zidangoyenda myaa. Zolembanso mayeso sitidamkakamize. Adabwera yekha nalo tsiku lina tikupalira kudimba, ndipo adalembadi mu 2025. Zotsatira zake ndi nkhani yake, adzaisimba yekha akafuna.

Chatsala ndi Malenia, mlongo wamapasa wa Miquella, amene amakhala pansi penipeni pa Haligtree. Woseŵera angathe kumaliza seŵero osakumana naye, koma ochepa ndiwo amalola kumlambalala. Mu 2023 kampani yofalitsa seŵeroli, Bandai Namco, idalengeza kuti oseŵera anali atalimbana naye maulendo 329 miliyoni, kuposa chiphona china chilichonse. Woseŵera wina, wodzitcha Let Me Solo Her, adatchuka mu 2022 poloŵa m'maseŵera a anthu osaŵadziŵa, mtsuko uli kumutu ndi malupanga aŵiri m'manja, n'kuŵagonjetsera Malenia. Atakwanitsa maulendo 1,000 kampaniyo idamtumizira lupanga lenileni. Mwana wathu analibe ndalama yolipirira kuseŵera ndi anthu a pa intaneti, choncho thandizo lotere silikadamfika.

Malenia ndi mkazi wakhungu, wa mkono ndi miyendo yosula, wobadwa ndi nthenda ya chivundi chofiira. Nthaŵi iliyonse akakukantha moyo wake umabwererako, ngakhale utatchinga ndi chishango, kotero kuti wobisala kuseri kwa chishango amangomnenepetsa. Choopsa chachikulu ndi kuvina kwake kotchedwa Waterfowl Dance: amalumpha m'mwamba, kuima kanthaŵi, n'kutsika ndi mafunde atatu a lupanga, okwanira kupha munthu wa moyo wodzaza. Ukaona walumpha umathamanga osacheuka mpaka funde loyamba litatha, lachiŵiri umagubudukira m'kati mwake, lachitatu umamlola akupitirire. Kapena umamponya mphika wa chisanu ali m'mwamba kuti agwe. Kufooka kwake n'kwakuti ndi wopepuka, amadzandira akamenyedwa, ndipo zida zokhetsa magazi zimamgwira. Koma ukamgwetsa amadzukanso, ndi mapiko a agulugufe ndi moyo wambiri, n'kudzigwetsa pansi ngati duŵa lalikulu lofiira loolesa zonse zoyandikira.

Amai ake adayamba kubwera ndi lichero la nyemba kudzasankhira m'chipindamo, ndipo mnyamata akafa ankaponya nyemba imodzi m'kambale. Mlungu woyamba sadapitirire kuvina kuja ngakhale kamodzi. Mlungu wachitatu adayamba kufika pa duŵa. Nyemba zitapitirira 90 magetsi adazima Malenia atatsala ndi kamoyo kosakwana chala, ndipo mumdimamo mudamveka liwu limene sitingalembe m'magazini ino. Tidakambirana za liwulo m'maŵa mwake. Panali usiku wina pamene adafa kakhumi motsatizana, aliyense moipa kuposa woyamba, ndipo amai ake adangoti, "Mwanawe, manja atopa, kagone." Adamvera, chinthu chimene miyezi isanu ndi itatu kumbuyoko sichikadachitika.

Loŵeruka lina mu September 2024, itangopitirira 9 koloko, adadutsa kuvina kuja kaŵiri osakhudzidwa. Ife tidali titasiya kuŵerenga mokweza, poona kuti tikumsokoneza. Malenia atatsala pang'ono, mpata udaoneka wa kumenya katatu, ndipo tidaona chala chikunjenjemera pa batani. Adamenya kaŵiri nabwerera. Mpata wina utabwera adamenya kamodzi, ndipo mkaziyo adagwa. Mnyamata adaika pansi choseŵeretsera, manja ali njenjenje, osanena kanthu. Amai ake adakhuthulira kambale kaja pa chitenje, naŵerenga kaŵiri kuti asalakwe: nyemba zinali 212. Adaziphatikiza ndi zina za m'lichero, naziviika usiku womwewo, ndipo tidadyera nsima Lamulungu titabwerako ku chalichi.